James Chuma, Amene Adaperekeza Maliro a Livingstone Kwao

James Chuma sadakhalepo mbusa, mlaliki kapena mkulu wa mpingo m'Sinodi iliyonse ya Eklesia wathu. Pamene ankamwalira ku Zanzibar m'chaka cha 1882, mishoni ya Blantyre inali itangotha zaka 6, ndipo ku Mvera kunali kusanafike mmishonale ndi mmodzi yemwe. Komabe tampatsa malo m'buku lino la chikumbutso chifukwa cha ntchito imodzi imene adaigwira pamodzi ndi anzake m'zaka za 1873 ndi 1874, ndiyo yosenza mtembo wa Dotolo David Livingstone kuchokera m'kati mwa Africa mpaka ku gombe la nyanja yamchere, kuti ukaikidwe kwao.

Mwambo wa makolo athu ngwakuti munthu akafera kuchilendo, anzake amene anali naye samutaya kumeneko. Amaperekeza maliro kumudzi, nakatula kwa eniake, nafotokoza m'mene mbale waoyo adadwalira ndi m'mene adatsirizikira. Chuma adasunga mwambo umenewu pa munthu wa mtundu wina ndi wa dziko lakutali, chonsecho iye mwini adachotsedwa kwao akali mwana, ndipo sadabwererenso kukamanga pamudzi pa makolo ake.

Mwana wa ku Magomero

Chuma adabadwa cha m'ma 1850, ndipo anali Myao. Masiku amenewo dziko lozungulira Nyanja ya Malaŵi linali pa chipwirikiti chifukwa cha malonda a akapolo. Anthu ena ankaŵatengera kuvuma, ku Kilwa ndi ku Zanzibar. Ena ankatsika nao ku Tete, pa mtsinje wa Zambezi. Chuma adagwa m'manja mwa amalonda ameneŵa asanakule.

M'mwezi wa Julayi 1861 Livingstone ankaperekeza Bishopu Charles Mackenzie ndi amishonale a Universities' Mission to Central Africa, kapena kuti UMCA, kukafuna malo ku mapiri a kuvuma kwa Shire. Pa 16 Julayi, ali pamudzi pa Mbame, padatulukira ulendo wa akapolo wopita ku Tete. Oŵayendetsa adathaŵira m'tchire, ndipo anthu 84 adamasulidwa, ana ndi akazi poŵadula zingwe, amuna poŵacheka magoli a m'khosi. M'masiku otsatira magulu enanso adamasulidwa. Chuma anali mmodzi mwa ana opulumutsidwa m'masiku amenewo, iye ndi mnyamata mnzake dzina lake Wikatani. Onse adapita nao ku Magomero, m'boma la Chiradzulu, kumene mishoni idamangidwa. Kumeneko adadziŵana ndi Horace Waller, mmodzi wa amishonalewo, amene adzamvekanso m'mbiri ino.

Mishoni ya Magomero sidakhalitse. Bishopu Mackenzie adamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira m'Shire. Nkhondo, chilala ndi njala zidatsatira. Amishonale adatsikira kwa Chibisa, ku Chikwawa, ndipo m'chaka cha 1864 Bishopu Tozer adasamutsira ntchito yonse ku Zanzibar. Chuma ndi Wikatani adatengedwa ndi Livingstone. Chaka chomwecho adaoloka nao nyanja yamchere pa kasitima ka Lady Nyassa, ulendo wa masiku 45 kuchokera ku Zanzibar kukafika ku Bombay, ku India. M'sitimamo munalinso Susi ndi Amoda, anyamata a ku Shupanga pa Zambezi. Ku Bombay Chuma adasiyidwa pa sukulu ya Dotolo John Wilson wa Free Church of Scotland, amene adambatiza kumapeto kwa 1865 namutcha James. Motero mwana amene adamasulidwa pamaso pa bishopu wa Anglican adabatizidwa ndi mbusa wa Chipresibeteriya.

Adadutsa pafupi ndi kwao

M'mwezi wa Malichi 1866 Livingstone adanyamuka ku Zanzibar ulendo wake wotsiriza, wokafufuza kumene mtsinje wa Nile udayambira ndi kukaona ndi maso m'mene malonda a akapolo ankayendera. Chuma, Wikatani, Susi ndi Amoda adapita nao. Adatsikira pa Mikindani, natsata mtsinje wa Ruvuma, nafika ku Mwembe, mudzi waukulu wa Mataka, mfumu ya Ayao, m'mwezi wa Julayi. Pa 8 Ogasiti adafika pa Nyanja ya Malaŵi. Posoŵa chombo choŵaolotsa, adazungulira cha kumwera mpaka kwa Mponda, pafupi ndi pamene pali Mangochi.

Kwa Chuma ndi Wikatani uku kunali kubwerera pakati pa anthu a mtundu wao patapita zaka 5. Kwa Mponda Wikatani adanena kuti wapeza abale ake, napempha kutsala. Livingstone adamlola, pakuti sadafune kuti anthu azinena kuti iye amamasula akapolo ndi cholinga choŵasandutsa akapolo ake. Patangopita masiku ochepa, pamudzi pena, mai wina adadza kwa Chuma. Adayamba wamfunsa dzina la atate ake ndi mtundu wake, kenaka nkumuuza kuti iye ndi mbale wa makolo ake. Chuma adakhulupirira nthaŵi yomweyo, napempha kuti amdulire pa malipiro ake mkwamba wa nsalu ndi mikanda zoti apatse maiyo. Livingstone adakayika, nalola mikanda pang'ono chabe. Koma Chuma adaonjezapo supuni yake ndi tinthu tina timene ankatikonda. Kankhani aka kakutionetsa njala imene inali mumtima mwa mnyamatayo, yofuna wina womutcha mbale. Ngakhale zinali choncho, tsiku lonyamuka adasenza mtolo wake, nalunjika kuzambwe, kusiya dziko la Ayao kumbuyo.

Masiku omwewo anthu 10 a ku chilumba cha Johanna, motsogozedwa ndi Musa, adathaŵa poopa Angoni, nakanena ku Zanzibar kuti Livingstone waphedwa. Bodzalo lidamveka mpaka ku Britain, ndipo lidatha pamene E. D. Young adadza kunyanja kuno m'chaka cha 1867 napeza umboni wakuti Livingstone adapitirira ali moyo.

Zaka 7 zotsatira zinali zoŵaŵa. Adaoloka Luangwa m'nyengo ya mvula ndi ya njala. Mu Januwale 1867 bokosi la mankhwala lidapita ndi wamtengatenga wina wothaŵa. Adafika ku nyanja ya Tanganyika, ku Mweru ndi kwa Kazembe. Pano tiyenera kunena zoona, kuti Chuma sadali wangwiro. Mu Epulo 1868, atatopa ndi kuyenda m'madzi ndi m'matope, iye ndi Susi ndi ena adakana kupita ku Bangweulu, natsala ndi amalonda Achiarabu. Livingstone adapita ndi anthu oŵerengeka okha. Pobwerako, chakumapeto kwa chakacho, adaŵalandiranso, pozindikira kuti iyenso anali nazo zofooka zake. Chikhululukiro chimenechi chidabala zipatso, pakuti kuyambira pamenepo aŵiriwo sadamsiyenso. Adali naye ku Manyema pamene anthu ambirimbiri adaphedwa pa msika wa Nyangwe pa 15 Julayi 1871, adali naye ku Ujiji pamene Henry Morton Stanley adampeza chakumapeto kwa chaka chomwecho, ndipo adadikira naye ku Unyanyembe, kumene tsopano kumatchedwa Tabora, mpaka Ogasiti 1872, pamene amtengatenga oposa 50 otumizidwa ndi Stanley adafika. Mwa iwo munali Jacob Wainwright, wophunzira wa ku Nasik, ku India.

Kwa Chitambo

Ulendowo udaloŵanso m'madambo a Bangweulu mvula ili pakati. Livingstone ankataya magazi kwambiri ndi nthenda ya m'mimba. Poyamba anyamata ake ankamuolotsa mitsinje pa mapewa. Pambuyo pake adamkonzera machira. Chakumapeto kwa Epulo 1873 adafika naye pamudzi pa Mfumu Chitambo, m'dziko la Ilala, ku Zambia, nam'mangira kanyumba ka udzu. M'bandakucha wa pa 1 Meyi mnyamata wolondera, Majwara, adadzutsa Susi, ndipo Susi adaitana Chuma ndi ena. Adampeza atagwada pambali pa kama wake, mutu uli m'manja, atatsirizika.

Tsono tilingalire m'mene zinthu zinaliri m'maŵa umenewo. Mwini ulendo wafa. Gombe lili kutali mamailosi oposa 1,000. Mwa anthu amene adanyamuka naye m'chaka cha 1866 adatsala 5 okha: Susi, Chuma, Amoda, Gardner ndi Mabruki. Mafumu a m'njira ankaopa mtembo wa mlendo, ndipo akadatha kulipiritsa milandu yolanda katundu yense. Chapafupi chinali kukumba manda pomwepo, kugaŵana nsalu ndi mfuti, aliyense nkuona kolowera. Panalibe munthu woŵakakamiza kuchita mwina. Koma anthuwo adasonkhana, nasankha Susi ndi Chuma kuti akhale atsogoleri, nagwirizana kuti mtembo upite kwao. Pamenepo nkuti Chuma ali ndi zaka ngati 23.

Choyamba adatsekula mabokosi pamaso pa onse, ndipo Wainwright adalemba katundu yense, kuti pasadzakhale wonamiziridwa kuba. Adayesa kubisa zovutazo kwa Chitambo, koma mfumuyo itamva sidakwiye. Idaŵauza kuti asaope, ndipo idadza ndi anthu ake kudzakhuza maliro monga mwa mwambo wa dzikolo. Kunja kwa mudzi adamanga mpanda. Farijallah, amene adagwirapo ntchito kwa dotolo ku Zanzibar, adatumbula mtembo. Mtima ndi zam'kati adaziika m'kabokosi kachitsulo, nazikwirira patsinde pa mtengo wa mpundu, umene kuno timautcha muula, Wainwright akuŵerenga mapemphero a pamaliro. Iye yemweyo adazokota dzina la Livingstone pa mtengowo. Thupi adalipaka mchere, naliyanika pa dzuŵa masiku 14, akulilondera usana ndi usiku chifukwa cha afisi. Litauma adapinda miyendo, nalikulunga m'nsalu, naliloŵetsa m'khungwa la mtengo, nasokerera nsalu ya thanga pamwamba, nalimangirira ku mtengo woti anthu aŵiri anyamule.

Kwathu anthu osambitsa mtembo, oukulunga ndi ounyamula timaŵatcha adzukulu, ndipo sakhala a m'banja lofedwalo. Anthu aŵa adakhala adzukulu a Livingstone. Ena anali Akhristu, ambiri anali Asilamu, Susi yemwe anali asanabatizidwe. Koma pa ntchitoyi adali amodzi.

Miyezi 9 pa njira

Atangoyenda masiku oŵerengeka, nthenda idagwira pafupifupi gulu lonse, kotero kuti adakhala mwezi wathunthu osasuntha, ndipo akazi aŵiri adamwalira. Atachira adaoloka Luapula pa mabwato, pa malo pamene mtsinjewo ngwotambalala mamailosi ngati 4. Usiku wina mkango udapha bulu amene Livingstone ankakwera. Kwa Chawende adaŵakaniza kuloŵa m'linga, ndipo padabuka nkhondo. Adapitirira chakumpoto, nadutsa kumwera kwa nyanja ya Tanganyika ndi m'dziko la Afipa, akugula chakudya ndi nsalu ndi mikanda imene inkatha tsiku ndi tsiku. Pakati pao panali akazi, monga Halima ndi Ntaoeka, amene adayenda njira yonseyo pa mapazi.

Katundu wogulira chakudya atatsala pang'ono kutha, Chuma adatsogola ndi kalata yolembedwa ndi Wainwright, nafika ku Unyanyembe pa 20 Okutobala 1873. Kumeneko adapeza Verney Lovett Cameron ndi anzake aŵiri, Dillon ndi Murphy, amene adatumidwa kudzathandiza Livingstone. Cameron adaŵalangiza kuti aike malirowo pomwepo, poona kuopsa kwa njira ya ku Ugogo, ndiponso pokumbukira kuti mkazi wa Livingstone adaikidwa m'Africa momwe muno, ku Shupanga. Susi ndi Chuma adamva malangizowo mwaulemu, koma adakana. Sadasenze mtembo miyezi 5 kuti akautule pakati pa njira.

Pa Kasekera anthu adakana kuti mtembo udutse m'dziko lao. Apa nzeru zidaposa mphamvu. Atsogoleriwo adalengeza kuti asintha maganizo, ndi kuti mtembo ubwerera ku Unyanyembe. Adamanga mapesi a mapira ngati chitanda, napatsa anthu ena kuti abwerere nacho madzulo anthu onse akuona. Atafika m'tchire adamwaza mapesiwo, nabwerera usiku mmodzimmodzi. M'menemo nkuti mtembo weniweni ataumanga ngati mtolo wa nsalu zamalonda, nauika pakati pa mitolo ina. Choncho udadutsa osadziŵika.

Mu Febuluwale 1874 amuna ndi akazi oposa 60 adaloŵa m'Bagamoyo, pa gombe loyang'anana ndi Zanzibar. Njira imene adatsika nayo inali yomwe ija ankadzera akapolo opita ku msika. Koma iwo akali m'njira, mu Juni 1873, Sultan Barghash adaika dzanja pa pangano lotseka msika wa akapolo wa ku Zanzibar. Ansembe Achikatolika a mishoni ya Bagamoyo adalandira mtembo naugoneka m'tchalitchi chao, mpaka sitima yankhondo ya HMS Vulture idadzautenga.

Malipiro a adzukulu

Kumudzi adzukulu akatsiriza ntchito amaŵakhazika pansi, naŵaphikira, naŵathokoza. Pa gombe sizidatero. Woimira boma la Britain ku Zanzibar, Captain Prideaux, adaŵalipira malipiro ao naŵabalalitsa. Jacob Wainwright yekha ndiye adapita ndi mtembo, mothandizidwa ndi Church Missionary Society. Ku London madotolo adatsimikiza kuti thupilo linalidi la Livingstone poona fupa la mkono umene mkango udaphwanya ku Mabotsa m'chaka cha 1844. Maliro adaikidwa m'Westminster Abbey pa 18 Epulo 1874, Susi ndi Chuma palibe. Mau olembedwa pa mwala wa pamandawo amayamika anthu amene adanyamula mtembo, koma satchula dzina la ndi mmodzi yemwe.

James Young, bwenzi lakale la Livingstone, ndiye adalipira ulendo wao wa ku Britain maliro atapita kale. Kumeneko Chuma adaonananso ndi Horace Waller wa ku Magomero uja, amene ankakonza mabuku a ulendo wotsiriza wa Livingstone kuti asindikizidwe. Livingstone adaleka kulemba pa 27 Epulo 1873. Zambiri zimene dziko limadziŵa za masiku ake otsiriza, za imfa yake ndi za ulendo wa ku gombe, zidachokera pakamwa pa Susi ndi Chuma. Adaonana ndi ana a malemuyo, namanganso ku Scotland kanyumba kofanana ndi kaja ka kwa Chitambo kuti abale aone m'mene mudafera munthu wao. Potero adatsiriza mbali yachiŵiri ya mwambo uja, yofotokozera eni maliro. Bungwe la Royal Geographical Society lidaŵapatsa mamendulo, ndipo chaka chisanathe adabwerera ku Zanzibar.

Woperekeza ena

Zaka 8 zotsala za moyo wake Chuma adazithera pa ntchito yomweyo yotsogolera ena m'njira. M'chaka cha 1875 adakhala kapitao wa ulendo wa Bishopu Edward Steere wa UMCA wopita ku Mwembe kwa Mataka, napondanso dziko la Ayao patapita zaka 9. Chaka chotsatira adatsogolera amtengatenga pamene Steere ndi W. P. Johnson adatenga akapolo omasulidwa oposa 50 a ku Mbweni, pa chilumba cha Zanzibar, kuti aŵabwezere kwao kunyanja. Anthuwo atafika pa Masasi, kumwera kwa Tanzania, adaona kuti pali chakudya ndi mtendere, ndipo adadziŵa kuti midzi yao yakale idapasuka ndi nkhondo. Tsono adapempha kukhala pomwepo. Umu ndi m'mene idayambira mishoni ya Masasi.

M'chaka cha 1879 Royal Geographical Society idatuma Keith Johnston kukafufuza njira yochokera ku Dar es Salaam kupita kunyanja, ndipo Chuma adali kapitao wa anthu ngati 150. Johnston adamwalira ku Behobeho mu Juni, ulendo nkutsala m'manja mwa Joseph Thomson, mnyamata wa zaka 21 amene anali asanayendepo m'Africa. Kachiŵirinso Chuma adaona mtsogoleri akufa pa njira, ndipo kachiŵirinso ulendo sudapasuke. Adafika kumpoto kwa Nyanja ya Malaŵi mu Sepitembala, napitirira ku Tanganyika, nabwerera ku gombe mu Julayi 1880 atayenda mamailosi ngati 3,000, atataya wamtengatenga mmodzi yekha. Pa ntchito imeneyi adalandira mendulo yasiliva ndi lupanga. M'chaka cha 1881 adayendanso ndi Thomson ku Ruvuma. Adamwalira ndi chifuwa chachikulu ku Zanzibar m'chaka cha 1882, ali ndi zaka zongopitirira 30. Susi adabatizidwa m'chaka cha 1886, natenga dzina loti David, ndipo adamwalira m'chaka cha 1891.

Chimene tikumbukira

Mmodzi mwa anthu amene adaimirira pa manda m'Westminster Abbey anali Dotolo James Stewart wa ku Lovedale. Mwezi wotsatira, Meyi 1874, iye adapempha msonkhano waukulu wa Free Church of Scotland kuti uyambitse mishoni pa nyanja yathu, yotchedwa Livingstonia. Pa 12 Okutobala 1875 sitima ya amishonalewo idaloŵa m'nyanja, E. D. Young ndi Dotolo Robert Laws ali m'menemo, ndipo dzina lake linali Ilala, dziko la Chitambo. Podutsa kwa Mponda adapeza Wikatani akali moyo. Henry Henderson, amene adadza nao, adasankha malo a mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1876 akuyenda ndi Tom Bokwito, mwana winanso womasulidwa m'chaka cha 1861. A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok adamanga ku Mvera m'chaka cha 1889. Livingstonia ndi Blantyre adalumikizana kukhala CCAP m'chaka cha 1924, Nkhoma nkuloŵa m'chaka cha 1926. Mulungu akadatha kutuma antchito ake mwa njira ina. Koma njira imene adaisankha idadzera pa maliro aja, ndipo maliro aja adatheka chifukwa cha mapewa a anthu amene adayenda miyezi 9.

M'Malembo timaŵerenga kuti ana a Israele adatuluka m'Ejipito ndi mafupa a Yosefe, nakaŵaika ku Sekemu. Iwo ankanyamula kholo lao, ndipo adali atamangidwa ndi lumbiro. Chuma adanyamula mlendo. Mwana amene ukapolo udamlanda mudzi ndi abale ndiye adadziŵitsitsa kuŵaŵa kwa kutayika kuchilendo, ndipo sadalole kuti yemwe adamumasula goli atayike chotero.

Mipingo yathu ya ku Zimbabwe, ku Zambia ndi ku South Africa ili ndi ana ambiri a anthu amene adachoka kwao pa mapazi kukafuna ntchito, ena nkutchona komweko. Pamene Akhristu ameneŵa asonkherana kuti aperekeze mnzao kumudzi, nagona masiku pa msewu ndi bokosi, akuchita ntchito yomwe adaichita anthu a kwa Chitambo aja. Poyamika Mulungu chifukwa cha amishonale amene adadza ndi Uthenga Wabwino, tiyeni titchulenso maina amene sadalembedwe pa mwala: Chuma, Susi, Amoda, Gardner, Mabruki, Majwara, Farijallah, Wainwright, Halima ndi Ntaoeka, pamodzi ndi anzao amene adafera m'njira.